Funsani Azakhali: Eyam, mudzi umene unadzitsekera wokha

Mwezi watha, poyankha mayi wa ku Mtandire pa nkhani ya kolera, ndinatchula mongodutsa kamudzi kena ka ku England kotchedwa Eyam. Ndinati anthu ake anadzitsekera pa nthawi ya mliri n'kumaika okha maliro a abale awo, ndiponso kuti ndinakapondako nditapita kukaona mwana wanga ku Sheffield. Ndinkayesa palibe amene aikepo mtima. Koma makalata anayi afika, onse akufunsa za kamudzi komweko. Choncho za maukwati ndi za apongozi zidikire mwezi wamawa.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamkazi anapita ku England chaka chatha kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Tinagulitsa poloti kuti apeze ya ulendo. Tsopano akundiuza kuti akukhala kumudzi, kufupi ndi Eyam munatchula uja. Kumudzi, azakhali? Ine ndinachoka ku Mitundu kuthawa khasu, ndiye iye awoloke nyanja kukakhalanso kumudzi? Kodi akutunga madzi pamjigo? Nanga anakaonekera kwa amfumu? Anzanga a ku Chigwirizano akandifunsa ndimangoti ali ku London.
Mayi wodandaula, Area 25

YANKHO: Amayi, mtima pansi, ndipo amayi a Chigwirizanowo lekani kuwanamiza. London ili makilomita oposa 200 kuchokera kumene kuli mwana wanuyo, ndipo kumene aliko n'kwabwino kuposa London.

Chikukusokonezani ndi liwu loti mudzi. Ife tikati kumudzi timanena kumene kunagwera mchombo wathu, kumene kuli atsibweni, munda ndi manda a makolo. Mngerezi akati mudzi akungonena kuchepa kwa malo: nyumba zowerengeka, tchalitchi, sukulu ya pulayimale, malo omwera mowa amene iwo amati pub, kenako minda ndi nkhosa kuzungulira. Anthu oyandikana makomo akhoza kukhala osachita ubale ngakhale wa kwa agogo.

Poyamba phunzirani kutchula dzinalo. Limalembedwa Eyam koma eni ake amati "Iimu". Ine ndinakwera basi ku Sheffield n'kumuuza dalaivala mwamphamvu kuti "Eyamu". Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, mpaka mpongozi wanga anachita kundilanditsa. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 20, wosafika n'komwe wa kuchoka m'tauni kupita ku Lumbadzi. Mudziwu uli m'chigawo cha Derbyshire, m'mapiri otchedwa Peak District. Wonsewo ndi msewu umodzi wautali wokhotakhota m'mbali mwa phiri, nyumba zamiyala yotuwa uku ndi uku. Kumpoto kuli chitunda chotchedwa Eyam Edge, ndipo kuseri kwake ndi thengo lopanda mitengo, longokhala tizitsamba tatifupi tochita maluwa ofiirira mu Ogasiti. Kummwera kuli zigwa zakuya za miyala ya laimu. Minda yonse ndi yogawidwa ndi mipanda yamiyala yongosanjikiza, yopanda simenti, yopanda dothi. Ndinaugwedeza umodzi ndi manja awiri, koma sunasunthe. Wanga wanjerwa kuno unagwa ndi mvula yoyamba, simenti ndinagula ndekha. Iwo ankati ndi nyengo yotentha, koma ine ndinali mu juzi ndi chitenje pamwamba ngati ndili ku Dedza mu Juni.

Dera lonselo ndi paki yotetezedwa ndi boma kuyambira 1951, yoyamba ku Britain konse. Musaganize za Kasungu. Kulibe njovu, kulibe mpanda wamagetsi. Anthu amakhalamo ndi kuweta nkhosa zawo, kungoti sungamange kapena kusintha nyumba yako mmene wafunira.

Za mjigo iwalani. Madzi ali m'nyumba, ozizira ndi otentha omwe. Ndipo a ku Eyam anayamba kale zamadzi: mu 1588 anakoka madzi kuchokera ku akasupe kufika m'zotungira zosema pamwala, zooneka ngati bwato, m'mbali mwa msewu. Zina zilipobe. Kumapeto kwa Ogasiti amakongoletsa zitsime ndi zithunzi zazikulu zopangidwa pomata timasamba ta maluwa padongo lonyowa, abusa n'kudzadalitsa madziwo. Nditaona ndinanong'oneza mwana wanga kuti kodi izi zikusiyana pati ndi za Makewana ku Msinja, iye n'kunditsina kuti ndikhale chete.

Amfumu kulibe. Kuli kakhonsolo ka anthu osankhidwa kotchedwa parish council, kamene kamakambirana za mabenchi, njira zapansi ndi malo osewerera ana. Malo sagawa munthu. Nyumba umagula kapena kuchita lendi. Chotsalira cha bwalo la milandu lakale chili pakapinga ka pakati pa mudzi: matabwa a mabowo otsekeramo miyendo ya wolakwa, ngati zigologolo zija anaikamo Paulo ndi Sila ku Filipi. Kwathu wakuba nkhuku amalipa mbuzi, kumeneko ankakhala padzuwa anthu n'kumamuseka. Moyang'anana napo pali Eyam Hall, chinyumba cha banja la Wright, chimene chinamangidwa patangopita zaka zochepa mliri utatha. Mudzi weniweniwo ndi wakale kwambiri kuposa pamenepo. William, mfumu yochokera ku Normandy, dera la ku France, imene inagonjetsa England mu 1066, inatuma anthu kukalemba midzi ndi chuma chake kuti idziwe za msonkho, ndipo m'kaundula wa 1086 wotchedwa Domesday Book, Eyam alimo. Lilongwe wathuyu anakhala likulu mu 1975.

Pa kalembera wa 2011 m'mudzimo munali anthu osakwana 1,000. Kale ankakumba mtovu, kenako kunabwera timafakitale ta nsalu ndi ta nsapato. Lero ambiri ndi opuma pantchito, ogwira ntchito m'mizinda yapafupi, ndi olandira alendo odzaona malo. Nyumba za m'midzi yotere n'zodula moti ana obadwira momwemo ambiri amalephera kugula, n'kusamukira m'tauni. Kwathu wosauka amatsala kumudzi. Kumeneko kumudzi kumatsala wandalama ndi wokalamba. Wokalambayo ana ake ali kutali, n'chifukwa chake mwana wanu wapeza ntchito.

Chimene chingamusautse si khasu ayi, koma kuti zii. Basi siili ngati minibasi za ku 25 zoitanira. Ili ndi nthawi yake, ikakusiya wasiyidwa. M'nyengo yozizira kumada 4 koloko masana. Munthu angathe kutha sabata osamva woti "mwaswera bwanji". Muzimuimbira foni, amayi, osati kumapeto kwa mwezi kokha.

FUNSO: Azakhali, abusa athu analalikirapo za mudzi umene anthu ake analolera kufa kuti ena apulumuke, ndipo ndikuona ngati ndi womwewu. Ndikufuna ndikaphunzitse ana a Sande sukulu koma ndikuopa kuwauza nthano. Zinachitikadi?
Mnyamata wa ku Kawale

YANKHO: Zinachitikadi mwana wanga, ndipo mayina a akufawo ali m'kaundula wa tchalitchi, aliyense ndi tsiku lake.

Mu 1665 mzinda wa London unagwidwa ndi mliri wa makoswe umene unapha anthu masauzande ambirimbiri. Chakumapeto kwa nyengo yawo yotentha, mtolo wa nsalu unafika ku Eyam kuchokera ku London, wopita kwa telala wa m'mudzimo, Alexander Hadfield. Womuthandiza wake, George Viccars, anaumasula n'kupeza nsalu zili ndi chinyontho, ndiye anaziyanika pafupi ndi moto. M'nsalumo munali nthata. Pa 7 Sepitembala 1665 Viccars anaikidwa m'manda. Ndikudziwa ena mwaganiza kale za belo la kaunjika, koma bambo ogulitsa kaunjika pa Tsoka, amene kalata yawo ili m'munsimu, asandikwiyire: gulani, kachapeni, kasiteni, basi.

Ndilankhuleko ngati namwino wakale. Matendawa amayamba ndi kachilombo kokhala m'makoswe, ndipo nthata ikaluma khoswe wodwala n'kudzaluma munthu, yamupatsira. Thupi limatentha kwambiri, kenako anabere amatupa m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche, ena kukula ngati dzira. Kakalowa m'mapapo, munthu amapatsira anzake pokhosomola. Kachilomboka kanadziwika mu 1894, pamene dokotala Alexandre Yersin anakapeza ku Hong Kong, ndipo lero mankhwala alipo, wodwala akafika msanga kuchipatala amachira. Si matenda a m'mabuku okha. Ku Madagascar anavuta mu 2017. Koma a ku Eyam zonsezi sankazidziwa. Ena ankati ndi mpweya woipa, ena ankati ndi chilango cha Mulungu.

M'miyezi yozizira imfa zinachepa, anthu n'kumati zatha. Kutayamba kufunda mu 1666 mliri unadzuka mwaukali, ndipo anthu anayamba kumanga katundu kuti athawe. Apa ndiye pakubwera abusa awiri, ndipo anawo ukawauze za onse awiri, chifukwa olalikira ambiri amatchula mmodzi. William Mompesson anali m'busa wachinyamata amene anafika mu 1664, mlendo, anthu asanamuzolowere. Thomas Stanley ndi amene analipo kale, koma anachotsedwa paudindo chifukwa chokana malamulo atsopano a Church of England mfumu Charles II atakhala pampando mu 1660. Sanachoke m'deralo, ndipo mitima ya anthu ambiri inali idakali kwa iye. Aliyense amene anaonapo mpingo ukugawanika chifukwa cha kusamutsidwa kwa abusa akudziwa mmene awiriwa ankayang'anirana. Mompesson anazindikira kuti payekha samumvera, choncho anapita kwa mnzakeyo. Mutu umodzi susenza denga.

Mu Juni 1666 anagwirizana ndi mudzi wonse kuti pasapezeke wotuluka kapena wolowa. Anatseka tchalitchi n'kumapemphera panja, m'kachigwa kotchedwa Cucklett Delf, banja lililonse litaima patali ndi linzake, m'busa akulalikira ali pathanthwe. Anagwirizananso kuti banja lililonse liziika lokha maliro ake, mwamsanga, pafupi ndi nyumba.

Ogasiti ndiye unali mwezi woopsa. Anthu oposa 70 anafa mwezi umodzi. Mmodzi mwa iwo anali Catherine, mkazi wa Mompesson, amene anakana kuchoka mwamuna wake atamupempha, n'kumayenda naye m'makomo mwa odwala. Amasimbanso za mtsikana Emmott Sydall ndi bwenzi lake Rowland Torre wa m'mudzi woyandikana wa Stoney Middleton, kuti ankaonana chapatali m'chigwa chija osayandikana, mpaka tsiku lina mtsikanayo sanabwerenso. Imfa yomaliza inachitika pa 1 Novembala 1666. M'miyezi 14 anafa anthu pafupifupi 260 a m'mabanja 76. Za chiwerengero cha anthu onse a m'mudzimo nthawi imeneyo, olemba mbiri ena amati anali 350, ena amati anali pafupifupi 800. Ngakhale titenge chachikulucho, ndiye kuti pa anthu atatu aliwonse mmodzi anapita.

Nyumba zimene mliri unayambira zilipobe, pafupi ndi tchalitchi, ndipo mukukhala anthu. Pakhomo lililonse pali chikwangwani cha mayina. Pa nyumba ya telala uja palembedwa kuti mkazi wake Mary anataya mwamuna ndi ana aamuna awiri, iye n'kutsala. Pa ina yotchedwa Rose Cottage palembedwa kuti munkakhala anthu 9 a banja la Thorpe, ndipo onse anafa. Ndili chiwerengere, chitseko cha nyumba ina pamzerepo chinatseguka, mayi wina n'kutuluka ndi kagalu pachingwe, kundimwetulira, n'kumapita. Makatani oyera, maluwa pawindo. Ine nyumba yotero sindingagonemo ngakhale atati lendi ndi yaulere.

Koma anawo usakawanamize kuti onse anali angelo. Mabanja ena opeza bwino anali atathawa kale mudzi usanatsekedwe. Mompesson mwiniwake anatumiza ana ake awiri kutali. Ambiri amene anatsala anali anthu a m'migodi ndi alimi, opanda kwina kolowera, woti akachoka asiya nkhosa ndi mgodi. Akatswiri ena amanenanso kuti kudzitsekerako kunachulukitsa imfa m'mudzimo, popeza anthu anatsekeredwa pamodzi ndi makoswe ndi nthata zomwezo. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti midzi yoyandikana nayo sinasesedwe ngati Eyam, ndiponso kuti anthu amene akanatha kuzemba usiku, ambiri sanazembe. Ana a Sande sukulu si opusa, zonsezi akhoza kuzimva.

Lamulungu lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse amachita mapemphero okumbukira m'chigwa chomwe chija, ndipo ine ndinakhala nawo. Timayenda pamzere kuchokera kutchalitchi, ena atavala zovala zamakedzana, n'kukakhala paudzu. Mwambo wake ndi wogwira mtima. Kuimba kokha ndiye ayi; kwaya ya ana ako ku Kawale ikhoza kuwaphunzitsa.

FUNSO: Azakhali, ine ndimagulitsa kaunjika pa Tsoka. Mu 2020 ndinali mmodzi mwa okana lokodauni, sindibisa. Akazi anga atawerenga zimene munalemba akuti taonani azungu anamvera, inu munali liuma. Nkhaniyi yafika povuta pakhomo. Kodi tinalakwa?
Bambo wa ana anayi, Biwi

YANKHO: Bambo, auzeni amayi akunyumbawo atsagane nane kaye kumwala wina, kenako aweruze.

Kuchokera kumapeto kwa mudzi kuli kanjira kapansi kolowera ku Stoney Middleton, kodutsa m'minda ya nkhosa. Podutsa mpanda umadzipanikiza pakampata kamiyala kongokwana miyendo ya munthu wowonda, ndipo ine ndi thupi langali ndinachita kukokedwa. Pamtunda, pamene mudzi winawo umayamba kuonekera kumunsi, pali mwala wosaoneka bwino n'komwe, woti mukhoza kuupitirira. Pamwamba pake pali timabowo tozokotedwa, tolowa chala. Amenewo anali malire. A ku Eyam ankathira viniga m'timabowomo n'kuikamo ndalama zachitsulo, pokhulupirira kuti viniga apha matenda, kenako n'kubwerera m'mbuyo. A midzi ina ankabwera, kusiya buledi, nyama ndi zina, kutenga ndalama zija n'kumapita. Kumpoto kwa mudzi kuli malo ena otere pakasupe amene lero amatchedwa Mompesson's Well, pamene ndalama ankazitsuka m'madzi oyenda. Alendo mpaka pano amasiya makobidi pamwalapo. Ine ndinafufuza m'chikwama n'kupeza K10 yachitsulo, ndipo ili komweko.

Nanga amene analibe ndalama? Asanatseke mudzi, Mompesson analembera bwana wamkulu wa deralo, Earl of Devonshire, amene ankakhala ku Chatsworth, makilomita ochepa kuchokera ku Eyam. Bwanayo anavomera kumatumiza chakudya ndi mankhwala pamalire, zolipira yekha. Musamuyese woyera mtima kwambiri. Nyumba yake inali pafupi, ndipo ankadziwa kuti anthu anjala sakhala malo amodzi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Koma kaya anachita chifukwa cha chifundo kaya mantha, chakudya chinkafika.

Tsopano kumbukirani zathu. Pa 14 Epulo 2020 boma linalengeza kuti dziko litsekedwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Pa 17 Epulo khoti lalikulu kuno ku Lilongwe linaimitsa zimenezo, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atadandaula kuti sizinafotokozedwe kuti osauka adya chiyani. Funso limene inu munkafunsa pamsika, loti ana anga anayi ndiwapatsa chiyani ndikapanda kuyala malonda, ndi lomwe abusa a ku Eyam anayamba ayankha asanauze munthu kuti akhale pakhomo. Anthu amatama kulimba mtima kwa a ku Eyam, ndipo n'koyenera, koma ine nditaika chala m'bowo lija ndinaganiza za munthu amene ankasenza buledi kukwera chitunda chimenecho m'mawa uliwonse. Popanda iyeyo sindikhulupirira kuti akanatha mwezi. Ndiye pa funso la njala simunalakwe, ndipo amayiwo akudziwa, popeza ndiwo ankapempha ya ndiwo.

Musanyade msanga. Pamsika pomwepo panali ena amene ankati korona kulibe, ndi matenda a olemera, n'kumaseka ovala masiki. Januwale 2021 atafika tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, ndipo m'makomo mwathu tinalira anthu amene sanatchulidwe pawailesi. Ngati munali m'gulu limenelo, pamenepo pepesani.

Palinso china chimene sitinasiyane nawo azunguwo. Patapita zaka zochepa Mompesson anasamukira kumudzi wina wotchedwa Eakring, ndipo amasimba kuti anthu akumeneko anamuopa kuti wabwera ndi mliri, moti poyamba sanamulole kukhala pakati pawo. Ana anga a unamwino amene ndinawasiya pantchito anakanizidwa kukwera minibasi mu 2020 chifukwa cha yunifolomu, wina mpaka eni nyumba anamuuza kuti asamuke. Anabwera kudzalira pakhonde panga.

FUNSO: Mayi, ine ndine mmodzi wa adzukulu kwathu kuno, ndakumba manda zaka zoposa makumi atatu. Munalemba kuti anthu ankaika okha maliro a abale awo. Zimenezi zandisowetsa tulo. Kunalibe adzukulu? Munthu angakumbire bwanji mwana wake yemwe? Ndipo mdzukulu wanga akuti kumeneko manda amakhala pakati pa mudzi, n'zoona?
Agogo a ku Chinsapo

YANKHO: Agogo, ndayamba ndi kugwada, chifukwa ntchito yanu ndi imene imatipatsa ulemu tonse pa tsiku lomaliza.

Mdzukulu wanu sananame. Manda a ku Eyam azungulira tchalitchi cha St Lawrence, pakatikati pa mudzi, m'mbali mwa msewu. Mulibe nkhalango, mulibe mantha. Udzu ndi wotchetcha bwino, muli mabenchi, ndipo ndinaona anthu awiri atakhala pabenchi akudya masangweji moyang'anana ndi mwala wa munthu. Ine ndinaima pageti. Munthu wamkazi kulowa kumanda popanda maliro, osapempha kwa amfumu, miyendo inakana. Mpongozi wanga anachita kundigwira dzanja.

M'katimo muli mtanda wamwala wautali kuposa munthu, wosemedwa zaka pafupifupi 1,200 zapitazo m'nthawi ya Angerezi akale otchedwa Anglo-Saxon, wokhala ndi angelo ndi zokhotakhota ngati mphasa yoluka. Chidutswa china cha thunthu lake chinatayika, ndiye mutu wake unangokhazikidwa pa chotsalacho. Pakhoma la tchalitchi pali wotchi yadzuwa ya 1775, yoonetsa nthawi ndi mthunzi. Pafupi ndi mtandawo pali manda a Catherine Mompesson, ndipo pa Lamulungu lokumbukira lija amaikapo maluwa ofiira. Iyeyu anaikidwa patchalitchi popeza anali mayi busa. Anzake ambiri a chaka chimenecho ali m'minda ndi kuseri kwa nyumba, ambiri popanda chizindikiro chilichonse.

Mdzukulu woika maliro analipo mmodzi, koma simungamulandire m'gulu lanu. Dzina lake Marshall Howe, wokumba mtovu, amene anadwala mliriwo n'kuchira, ndiye ankati sungamugwirenso. Pakhomo pakatha onse kapena pakatsala osatha kunyamula khasu, iye ankamanga mtembo chingwe, kuukokera kudzenje, kenako n'kulowa m'nyumba kutenga chimene wakonda ngati malipiro. Inu mumalandira nsima ndi nkhuku ya adzukulu, iye ankadzilipira yekha. Komabe popanda iye mitembo ikanaolera m'nyumba. Mkazi wake ndi mwana wake nawonso anafa ndi mliri womwewo.

Funso lanu loti munthu angakumbire bwanji mwana wake, yankho lake lili paphiri, kunja kwa mudzi chakummawa, pamalo otchedwa Riley Graves. Timakwera kamsewu kodutsa m'mitengo, kenako kutulukira pamunda waukulu wotsetsereka. Pakati pa mundawo pali kampanda kamiyala kozungulira, kofika m'chiuno, kukula kwake ngati kakhitchini. M'katimo muli miyala 6 yoimirira ndi manda amodzi ogoneka. Ndi a banja la Hancock, alimi a pamalopo. Kuyambira pa 3 mpaka pa 10 Ogasiti 1666, masiku 8, Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake John ndi ana awo 6. Ankakumba yekha, kukoka yekha, kukwirira yekha. Amasimba kuti anthu a ku Stoney Middleton ankamuona ali patsidya, koma palibe analimba mtima kuyandikira. Panalibe siwa, panalibe amayi ogona naye m'nyumba, panalibe woimba nyimbo kapena wobwera ndi kambale ka ufa. Pambuyo pake anachoka n'kukakhala ku Sheffield kwa mwana wake wamwamuna amene anatsala chifukwa sanali pakhomopo.

Inu ndi ine zoterezi tinazionako pang'ono. Pa nthawi ya kolera ndinagwirapo ntchito m'tenti ya odwala, ndipo munthu akamwalira tinkamupopera kolorini, kumukulunga m'pulasitiki, abale osaloledwa kusambitsa. Mayi wina anandigwira mwendo kupempha kuti angomutseka maso mwana wake, ine n'kumukaniza. Ndinachita zoyenera, ndipo nditati ndibwerere ndikhoza kukanizanso, koma nkhope yake ndimaionabe. Ndiyo inandibwerera nditaima pakampanda kaja.

Mayina pamiyalayo ayamba kufufutika ndi ndere, ena umachita kupapasa ndi chala. Kupatula ife, panalibe munthu wina, nkhosa zokha ndi mphepo. Sindinadziwe mwambo wake wa kumeneko, ndiye ndinachita wakwathu: ndinamanga bwino chitenje, kugwada pakhomo pa kampandako, n'kunena m'Chichewa kuti pepani amayi, tamva zimene zakuonekerani. Mwana wanga, amene amandiseka pa chilichonse, anavula chipewa.

Amayi a ku Area 25, mwana wanu akapeza tsiku lopuma mumuuze akafikeko. Avale nsapato zotseka, njirayo ndi ya matope ndi ndowe za nkhosa, ndipo aone kaye nthawi ya basi yomaliza.